Musanayambe geni yachiwiri, funsani kuti idzadya maola ati

Funso: Ndine bambo wa zaka 37. Kwathu ndi ku Dowa koma ndakhala mu Mzuzu zaka 11, panopa ndikukhala ku Mchengautuba. Ndili ndi shopu ya zitenje, nsapato ndi ziwiya pafupi ndi msika wa Taifa, ndipo katundu ndimakapikula ndekha ku Kyela kawiri pamwezi. Ndimanyamuka ana asanadzuke, ndimabwera atagona. Woyamba ndi mtsikana, ali Sitandade 8, wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 6, ndipo mayi a kunyumba ndi oyembekezera, kwatsala miyezi itatu. Tsiku lina mnyamatayu anandifunsa kuti, "Adadi, kodi inu mumakhala ku shopu?" Zinandiwawa kwambiri. Komabe ndalama sizikukwana, ndiye ndikuganiza zowonjezera geni ina: njinga yamoto ya kabaza, kukhala ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, kapena kuweta nkhuku. Ndasungako pang'ono, zina tikufuna kukongola ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Ndiyambe iti, nanga nditani kuti ana asandiiwale?

Yankho: Achimwene, zikomo polemba mosabisa. Abambo ambiri amene ndimacheza nawo pa nkhani za malonda amafunsa za mpamba, za msika ndi za ngongole, za ana amazitchula ataimirira kale kuti azipita. Inu mwaziika m'kalata imodzi, ndipo mwakhoza, chifukwa ndi nkhani imodzi.

Ndiyambe ndi kukutulani mtolo wina. Kudzuka mbandakucha m'chisanu cha Juni cha mu Mzuzu muno, kapena kutsika Chiweta usiku pa basi muli ndi ndalama za mpamba m'chiuno, si kuthawa ana ayi. Ndi ubambo womwewo. Nsima imene amadya, yunifolomu ndi lendi zikuchokera m'maulendo amenewo, choncho musadzione ngati wolephera. Koma funso la mnyamata wanu musalikankhire kumbali. Mwana wa zaka 6 sadziwa kunyoza, amangonena zimene maso ake akuona.

Ine ndinaziphunzira mochedwa. Ndisanayambe kulangiza amalonda ang'onoang'ono ndinali ndi shopu ya zipangizo zomangira, komanso kagalimoto konyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa. Usiku wina mayi a kwathu ali ku maliro kumudzi, mwana wathu wamwamuna anatentha thupi kwambiri. Ndinamukulunga m'bulangete n'kuthamangira naye kuchipatala, mlongo wake wa zaka 9 akunditsatira pambuyo. Namwino anafunsa mafunso anayi: anabadwa liti, anayamba liti kutentha, wamwa mankhwala anji, buku lake la kusikelo lili kuti. Ndinangoti kakasi. Anayankha onse ndi mlongo wakeyo, ndipo bukulo anali atalitenga yekha m'kabati, walipinda m'thumba la juzi. Mtengo wa thumba la simenti m'mashopu onse a m'tauni ndinkaudziwa pamtima, koma za mwana wanga ndinalibe yankho. Mwanayo anachira, anali malungo. Chimene chinasintha usiku umenewo ndi mmene ndimayezera bizinesi, ndipo ndi muyezo womwewo umene ndikufuna kukupatsani.

Geni iliyonse imadya zinthu ziwiri, mpamba ndi maola. Mpamba timauwerengera mpaka tambala yomaliza, maola sitiwerengera n'komwe. Ndipo nkhani si kuchuluka kwa maola kokha, koma kuti ndi maola ati. Mwana wa sukulu amapezeka kawiri patsiku: m'mawa pamene akusamba ndi kumwa phala, ndi madzulo kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka 8 koloko. Nthawi ina yonseyo ali m'kalasi, kosewera kapena mtulo. Geni imene imakudyerani maola asanu ndi atatu a masana siikulandani ana. Imene imadya maola awiri okha, koma a madzulo aja, ndiye yakulandani onse. Choncho musanafunse kuti geni yatsopano idzabweretsa zingati, funsani kuti idzafuna kuti mukhale kuti nthawi ya phala ndi nthawi ya nsima yamadzulo.

Tiyambe ndi shopu imene muli nayo kale, chifukwa ndikukayika ngati vuto lanu ndi kusowa geni yachiwiri. Gulani kope la sukulu. Kwa milungu iwiri lembani chilichonse chimene chagulidwa, mtengo wake, ndi nthawi imene chagulidwa. Zitenje ndi nsapato si mchere kapena mafuta ophikira zimene munthu amathamangira kukada, anthu amafuna kuona mtundu wa nsalu kukuwala. Amalonda angapo ogulitsa katundu ngati wanu amene ndinawapempha kuchita zimenezi anadabwa kuona kuti ola loyamba la m'mawa ndi lomaliza la madzulo ankangokhala, kudikira kasitomala mmodzi kapena awiri. Mwina kwa inu kope lidzanena zina, koma lilekeni linene lokha. Ndifunsenso funso limene si lokoma: kuchokera pamene mwakhoma loko mpaka pamene mwagogoda kunyumba, pamadutsa maola angati, ndipo amathera kuti? Kwa ena ndi kulondola angongole, kwa ena ndi kuonera mpira kapena kucheza ndi anzawo a pamsika kuti mutu upepuke. Kupuma n'kofunika, sindikutsutsa. Koma kawirikawiri ola limene mwana akulisowa limapezeka pamenepa, osataya ngakhale kwacha imodzi ya malonda.

Kope lomwelo lidzakuuzaninso chifukwa chimene ndalama sizikukwanira. Inu mumagula katundu ndi ndalama ya ku Tanzania n'kugulitsa ndi kwacha. Mukukumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amalonda ambiri a katundu wa kunja anagwa masiku amenewo makasitomala akubwera ndithu, chifukwa ankaika mtengo poyang'ana ndalama imene anagulira dzana, osati imene adzagulire mawa. Tiyerekeze chitenje munachipeza pa K8,000 n'kuchigulitsa K10,000. Mumtima mwati mwapindula K2,000, ndipo mwaidya. Mukabwerera ku Kyela mwapeza chitenje chomwecho chikufuna K9,500, kuwonjezera thiransipoti, msonkho wa pa Songwe ndi malo ogona. Ndiye kuti munadya mpamba mukuyesa phindu. Mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo wobwezeretsera katundu pa shelefu, ndipo ndalama zonse za ulendo zigawidwe pa katundu yense amene mwabwera naye.

Kubowoka kwina kuli pa kabati ya ndalama. Ngati ya ndiwo, ya magetsi, ya feteleza wa makolo ku Dowa ndi ya chipepeso zonse zimatuluka m'kabati ya shopu tsiku limene zafunika, simudzadziwa ngati shopu ikupindula. Dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba, mugwirizane kuti pa malipiro amenewo zingati ndi za pakhomo, zingati za sukulu, zingati za achibale. Abale tiyenera kuwathandiza, ndiwo umunthu wathu, koma thandizo likhale ndi thumba lake, likatha latha mpaka mwezi wamawa.

Tsopano za munthu wokuthandizani. Ndikudziwa yankho lanu: adzandibera. Mantha amenewa ndi amene amamangirira abambo ambiri pa mpando wa m'shopu kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Kuba kumakula pamene palibe chowerengera. Katundu yense akhale ndi mndandanda, mtengo ulembedwe pa chinthu chilichonse ndi malire a potsitsira, muziwerenga sitoko limodzi Loweruka lililonse, ndipo malipiro ake azituluka pa tsiku lake mosapempha. Yambani kumusiyira maola awiri, kenako theka la tsiku, kenako tsiku lonse. Mukuchoka kale masiku angapo pamwezi popita ku Kyela, ndiye kaya mumatseka kaya pali amene amatsala, poyambira palipo. Kunena mosapsatira, shopu imene singatsegulidwe inu mutagona ndi malungo siinakhwime moti n'kubereka inzake. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene amayamba kunyowa ndi ana.

Maulendo a ku Kyela nawo aganizireni. Kuchokera mu Mzuzu kukafika ku Karonga kokha ndi makilomita oposa 200, ndiye muwonjezere Songwe, kuwoloka, kusankha katundu ndi kubwerera. Kodi n'zosatheka kupita kamodzi pamwezi n'kutenga wochulukirapo? Kapena kugwirizana ndi mnzanu wokhulupirika wa pa Taifa pomwepo kuti muzisinthana, iye akapita akutengereni wanu mutasankhiratu pa WhatsApp kwa wogulitsa amene munazolowerana naye? Yambani ndi katundu wochepa kuti muone kukhulupirika kwake. Ulendo umodzi wochotsedwa ndi usiku uwiri kapena utatu umene mwagona pakhomo, komanso ndalama ya basi yatsala.

Tibwere ku maganizo anu atatu aja, tiwayeze ndi muyezo wa maola.

Njinga yamoto ndiyo ndingaichotse msanga. Mukamayendetsa nokha, ndalama ya kabaza ili m'mawa anthu akupita kuntchito ndi madzulo akuweruka, maola enieni a ana anu, ndipo ngozi imodzi ikhoza kugoneka pansi munthu amene banja lonse likudalira. Mukapatsa mnyamata, madzulo aliwonse mudzakhala pa foni kapena pa siteji kudikira ndalama ya tsikulo, kumva za tayala, za apolisi apamsewu, za mafuta amene asowa. Onjezani kulembetsa njingayo, inshulansi, laisensi ya woyendetsa, ndi akuba amene amasaka njinga zimenezi. Alipo amene apindula nazo, koma si geni ya bambo amene akufuna kumafika kunyumba msanga.

Uejenti uli ndi ubwino umodzi waukulu: ukhoza kukhala m'shopu yomweyo, pa tebulo lomwelo, osafuna lendi ina kapena ola lina. Umakokanso anthu amene akadzatapa ndalama amaona nsapato. Koma komishoni ya pa munthu mmodzi ndi yochepa, phindu limadalira kuchuluka kwa anthu ndi kukula kwa floti (ndalama zimene ejenti amagwirira ntchitoyi), ndipo musanayambe muwerenge maejenti amene ali kale pafupi ndi khomo lanu. Floti ikhale ndi kope lake ndi thumba lake, isasakanikirane ndi ya zitenje ngakhale tsiku limodzi. Chenjerani ndi mauthenga abodza onena kuti ndalama yalowa, ndi anthu oimba foni kuti atumiza molakwitsa. Musapereke ndalama musanaone balansi yanu nokha, ndipo nambala yachinsinsi isadziwike kwa aliyense woimba foni, ngakhale atati akuchokera ku kampani. Mukaitenga geniyi, itsekedwe nthawi imodzi ndi shopu. Mukayamba kunena kuti anthu amatapa kwambiri usiku, mwabwerera pomwe munali.

Nkhuku ndizo zikufunika kuti tikhalitsepo, chifukwa pa atatuwa ndi zokhazo zimene zimakukokerani kunyumba. Ntchito yake ndi ya m'mawa ndi madzulo, pakhomo, pamene ana ali pomwepo. Mnyamata wa zaka 6 amene akutola mazira ndi bambo ake, kuwawerenga n'kuwaika m'thireyi, sadzafunsanso kumene bambo ake amakhala. Koma ndanena kuti "ndi bambo ake". Zimene ndaona makomo ambiri n'zakuti bambo amagula anapiye, n'kunyamuka mbandakucha monga mwa nthawi zonse, ntchito yonse ya madzi, chakudya ndi kusesa khola n'kugwera mayi. Mayi a kunyumba kwanu atsala ndi miyezi itatu, ndipo amayi anu kapena apongozi ali kutali ku Dowa. Kuwaikira anapiye 100 pa nthawi imeneyi kungakhale kuwalakwira. Afunseni kaye, ndipo ngati adzagwire nawo ntchitoyo, akhale ndi gawo lawo la phindu lodziwika bwino, m'manja mwawo.

Masamu a nkhuku nawo ndi ouma. Za nyama zimakhwima pa milungu pafupifupi 6, ndipo tsiku lililonse loposera apo zikudya phindu lanu, choncho ogula azipezeka anapiye asanafike. Za mazira zimayamba kuikira pa milungu 18 mpaka 20, kutanthauza miyezi pafupifupi isanu mukudyetsa osaona dzira. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku anayi okha. Chakudya chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zoweta, ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi chimanga ndi soya. Ambiri amagwa mwezi wachitatu, khola lili bwinobwino, nkhuku zili zathanzi, koma ya chakudya yatha.

Ndiye pali nyengo yathu ino. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, pamene usiku wa Juni ndi Julayi mu Mzuzu ngakhale munthu wamkulu amafuna mabulangete awiri. Mukadalira babu, magetsi akathima pakati pa usiku mudzapeza anapiye aunjikana pakona, ena aphedwa ndi anzawo. Mukadalira mbaula, pafunika munthu wodzuka kuonjezera makala, mpweya uzilowa, ndipo utuchi wapansi ukhale kutali ndi moto. Nchifukwa chake woyamba kumene ndimamulangiza kuyamba kukatentha, cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndi anapiye osaposa 50. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro asadumphidwe, alangizi a ziweto akupatsani ndondomeko yake. Ngati nyumba ndi ya lendi, alandilodi avomere kaye, ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda zimene malamulo amalola pa ziweto m'dera lanu. Khanda likadzayamba kukwawa lisafike kumene kuli zitosi, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo akachoka ku khola.

Koma ndisakutsekereni pa atatu okhawa. Mzuzu ndi mphambano. Mpunga wa Kilombero umatsika kuchokera ku Karonga, usipa umakwera kuchokera ku Nkhata Bay, tomato, anyezi ndi mbatatesi zimabwera kuchokera ku Jenda, uchi ndi khofi zimachokera m'mapiri otizungulira. Mzindawu unali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo pakati pawo pali apantchito ambiri amene alibe nthawi yopeta mpunga kapena kusankha miyala. Inu mumadutsa kale pa Karonga mwezi uliwonse. Bwanji osabwerako ndi matumba awiri a mpunga pa ulendo womwewo, makamaka miyezi yokolola pamene mtengo uli pansi? Muupete, muusankhe bwino, muuike m'mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri ndi asanu, sikelo yake yosanama. Ogula ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku yunivesite ya Mzuni ndi ku chipatala chachikulu ku Luwinga, anzanu a kutchalitchi, makamaka kumapeto kwa mwezi. Chithunzi pa WhatsApp ndi mbiri yakuti mpunga wanu ulibe miyala n'zokwanira poyambira. Geni imeneyi siifuna ulendo watsopano, siifa ndi chitopa, siionongeka mukaisiya masiku atatu, ndipo kupakira kumachitika pakhonde Loweruka masana banja lili pamodzi. Pa muyezo wa maola, imeneyi ikuposa zonse zimene mwatchula.

Chiponde ndi uchi zimayenda njira yofanana. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja katundu wina amene tingathe kupanga tokha, ndipo pa mndandandawo panali mpunga, uchi, chiponde ndi mazira. Malamulo otere amasintha, musamange nyumba pa iwo, koma akusonyeza kumene kuli mpata. Dziwani kuti chakudya chopakira chikafuna kulowa m'mashopu akuluakulu chimafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Zimenezo zidzabwera geni ikakula, koma ukhondo uyambe tsiku loyamba, makamaka mtedza: wovunda kapena wa chuku usalowe m'chiponde, chifukwa uli ndi poizoni amene amaononga chiwindi.

Ena mu Mzuzu amayesa bowa wolima, poti kuzizira ndi chinyezi chathu amagwirizana nazo. Amamera m'mapulasitiki odzaza mapesi a chimanga oduladula amene aphikidwa ndi nthunzi mu diramu, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi mbewu imakhala yayanga m'thumba lonse, kenako bowa n'kuyamba kutuluka. Malo ake ndi kachisakasa chabe. Vuto lake sachedwa kuonongeka akathyoledwa, ndiye pafunika malo odyera kapena makasitomala ogwirizana nawo kale. Ngati zakusangalatsani, kaphunzireni kwa amene akulima kale, muyese ndi matumba khumi.

Chilichonse chimene mungasankhe, chiyeseni ndi ndalama imene itatayika lendi ndi sukulu sizigwedezeka, muchipatse miyezi itatu, chikhale ndi kope lakelake. Za ngongole ya banki m'khonde ndikupemphani muganize kawiri. Ngongole zimenezi zimabwezedwa msanga ndipo chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi. Zimagwirizana ndi katundu woyenda msanga ngati mpunga, koma osati nkhuku za mazira zimene zimakhala miyezi isanu zisanabweze kanthu. Kumbukiraninso kuti dzina lolembedwa m'buku la gulu ndi la mayi a kunyumba. Zikavuta, amene adzakhale pamphasa pamaso pa amayi anzawo, mwana ali kumsana, ndi iwowo, ndipo ziwiya zimene gulu lidzabwere kudzanyamula ndi za m'khitchini mwawo. Kwa katapila musayandikireko n'komwe. Ngati mukufuna ngongole yaitali, lowani SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama), muzisunga kumeneko mwezi ndi mwezi kuti mudzakongole pa chiwongoladzanja chopepukirapo.

Nthawi yoyambira si ino. Miyezi itatu ikubwerayi ntchito yanu ndi kukonza shopu kuti izitha kuyenda inu kulibe, ndi kusunga ya chipatala, ya galimoto ya usiku ndi ya zofunika za khanda. Kuyambira 2021 lamulo la ntchito m'dziko muno limapatsa bambo wolembedwa ntchito tchuthi cha milungu iwiri mkazi wake akabereka, kamodzi pa zaka zitatu, malipiro osadulidwa. Inu bwana wanu ndinu nokha, ndiye tchuthi chimenecho mudzipatse. Pikuliranitu katundu wokwanira kuti mwezi womaliza musawoloke Songwe. Perekezani mayi ku sikelo ngakhale kamodzi, mumve nokha zizindikiro zoopsa zimene anamwino amanena, mudziwe pamene buku ndi chikwama zimakhala. Masiku amene iwo ali m'chikuta, amene azidzutsa ana, kuphika phala ndi kuperekeza mnyamata ku sukulu ndinu. Mudzatopa, koma m'milungu iwiri imeneyo mudzawadziwa ana anu kuposa chaka chathachi.

Mtsikana wanu simunanene zambiri za iye, ndipo ndi amene ndikumuganizira kwambiri. Mnyamata wafunsa, iye sangafunse, angokhala chete. Ali m'kalasi ya mayeso, ali pa msinkhu umene anyamata ndi abambo a m'njira amayamba kumuitana, ndipo khanda likabadwa aliyense adzayembekezera kuti akhale mlezi ndi wophika. Mutetezereni nthawi yowerenga. Dziwani dzina la mphunzitsi wake, phunziro limene likumuvuta, njira imene amadutsa pochokera ku sukulu ndi anzake amene amayenda nawo. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale kuthandiza pakhomo n'kololedwa, shopu isamudyere sukulu. Chimene mungachite ndi kumupatsa kope la malonda lija ola limodzi Loweruka, awonkhetse, achotsere, akuuzeni yekha ngati sabata imeneyo mwapindula. Masamu a Sitandade 8 ali momwemo, ndipo mwana wamkazi amene bambo ake amamufunsa maganizo pa nkhani ya ndalama sanyengeka msanga ndi K2,000 ya munthu wa m'njira.

Pali nkhani ina imene abambo sitikonda kuimva, koma munthu woyenda usiku pa msewu wa Chiweta ayenera kuimva. Mutapanda kubwerako, kodi mayi a kunyumba akudziwa amene muli nawo ngongole, amene ali ndi ngongole yanu, kumene mumapikula, ndi kumene kuli ndalama? Lembetsani dzina la bizinesi ku boma, mukhale ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA ndi laisensi ya khonsolo, mutsegule akaunti ya shopu imene iwonso akuidziwa. Lembani wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma pepala lolembedwa bwino, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri, limatseka pakamwa pa mikangano isanayambe. Ndaonapo shopu zodzaza zikutha m'sabata imodzi ya maliro, ana n'kusiya sukulu teremu yotsatira.

Mwa zonsezi, ndikanakhala inu ndikanachita motere: kope liyambe mawa, wothandiza m'shopu apezeke mwezi uno, ulendo wa ku Kyela utsike kufika kamodzi pamwezi, mpunga uyesedwe ndi matumba awiri khanda likabadwa ndipo mayi akapeza mphamvu, nkhuku zidikire nyengo yotentha, njinga isiyidwe. Sankhaninso masiku atatu pa sabata amene zivute zitani nsima yamadzulo mudyera pamodzi, foni ili m'thumba. Atchuleni masikuwo pamaso pa ana. Koma mukatchula musaphonye, chifukwa mwana amene walonjezedwa Lachitatu amayamba kusuzumira pa geti dzuwa lisanalowe.

Ndipo mnyamata uja mumuyankhe funso lake, musaliseke. Loweruka likubwerali mutengeni ku shopu. Akwere nanu kabaza, aone kumene mumakhala masana, akuthandizeni kupinda zitenje ziwiri zitatu, alandire ndalama kwa kasitomala mmodzi n'kunena zikomo. Ikakwana 4 koloko mupatseni loko akhome yekha, kiyi aike m'thumba mwake, muuze kuti, "Kuno n'kuntchito, tsopano tiye kwathu." Pobwerera mugule nthochi kapena chimanga chootcha cha anthu onse a kunyumba, anyamule iyeyo, ndipo mukafika ku Mchengautuba mumusiye agogode yekha n'kuuza amayi ake kuti mwabwera.